Hosea Chulu, Munthu Wakumbuyo

Ku Nsefu mukafunsa za a Hosea Chulu, sakuuzani kuti ndi aatali kapena aafupi, kapena kuti amapemphera mpingo uti. Angoti, aja a tiyi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akhala pa ntchito imodzimodzi, pa kampu ina ya alendo m'mbali mwa Luangwa, ndipo ntchitoyo ndi yoyenda kumbuyo kwa anthu.

Alendo akatsika galimoto kuti akaone nyama wapansi, mzere wake susintha. Kutsogolo kumakhala sikauti wa mfuti, pambuyo pake gaidi wofotokoza za mapazi ndi ndowe, kenako alendo ndi makamera awo, ndipo kumapeto kwenikweni munthu wa chikwama. M'chikwamamo mumakhala ketulo, makapu, shuga, mabisiketi, madzi ndi kabokosi ka mankhwala. Osadziwa amati ntchito ya munthuyu ndi kuphika tiyi pansi pa mvunguti, ndipo tiyiyo amaphikadi. Koma ntchito yake yeniyeni ndi yakuti kumbuyo kwake kusatsale munthu. Mlendo akaima kuti amange nsapato, iye aimenso. Wina akatsalira kujambula gulugufe, gulugufe yemweyu amene ana amathamangitsa mwaulere, iye adikire. Njati ikazungulira mzere n'kudzera kumbuyo, woyamba kuiona ayenera kukhala iye.

Kuwaona a Hosea simungawaganizire. Ndi owonda, miyendo ili ngati mipini ya makasu, ndipo malaya a kampu amawakhala ngati obwereka. Paunyamata sanali choncho. Anakulira m'bwato ndi atate awo, akupalasa ndi kukoka ukonde, sukulu n'kuisiyira giredi faifi, ndipo pofika zaka makumi awiri ndi zitatu chifuwa chinali chotambalala moti atsikana a ku Kawaza ankachedwa dala pachitsime iwo akamadutsa. Chifuwacho ndicho chinawapezetsa ntchito. Manyazi anawapeza mwezi woyamba womwewo.

Tsiku lina m'mawa anakumana ndi njovu yaikazi yokhala ndi mwana, ikudya zipatso za mchenja pafupi kwambiri ndi njira. Sikauti anatsitsa dzanja, kutanthauza kuti aliyense anyonyomale ndipo asapume mokweza. Njovu ija sinali pa changu. Inkatola chipatso chimodzichimodzi ngati mayi wosankha nyemba. Alendo anangokhala pansi, poti iwo ndi alendo, koma wachikwama sakhala pansi chifukwa zikavuta ayenera kudzuka woyamba. Ntchafu za a Hosea zinayamba kunjenjemera, kenako kutentha, kenako sanazimvenso, ndipo anagwa chagada. Ketulo ndi makapu achitsulo zinati kwengwere! Njovu inatambasula makutu, sikauti anawombera m'mwamba, mayi wina wachikulire mwa alendowo anataya chipewa ndi nsapato imodzi. Palibe anavulala kupatula kapu imodzi imene inasupuka penti m'mphepete. Sikauti uja sanakalipe n'komwe. Anangowayang'ana pachifuwa, n'kuyang'ana miyendo, n'kupukusa mutu, ndipo a Hosea amati mpaka lero bola akanawawomba mbama.

Kuyambira pamenepo anadziikira zinthu zinayi, ndipo sanawonjezepo chachisanu. Kukangocha amabereka chikwama cha mchenga n'kuyenda nacho ola limodzi, m'chilimwe mumchenga wa mtsinje wa Msandile, m'dzinja m'matope a njira ya kuminda. Akabwerako amanyonyomala ndi kudzuka kamakumi atatu chikwama chili kumsana, osagwira pansi kapena bondo, ndipo komaliza amakhala chinyonyomalire mpaka ataimba mumtima nyimbo ziwiri za kutchalitchi. Kenako mapushapu makumi awiri. Kenako amalendewera pa nthambi ya bwemba wa pakhomo n'kudzikoka kasanu ndi katatu. Basi. Nthambiyo inafika poterera chifukwa cha manja awo. Zotsala ndi kudya chimene chilipo, kumwa madzi, ndi kugona ndi nkhuku.

Munthu amene zimenezi zimamusowetsa mtendere ndi mlamu wawo Boston. A Hosea anakwatira Everlyn, wa m'banja lina limene linatsika ku mapiri a ku Chipata kudzalima thonje, ndipo Boston ndi mlongo wake wamng'ono wa Everlynyo. Ali ndi golosale ku Mfuwe, ndipo kuseri kwake anamanga chisakasa chimene amachitcha jimu. Si munthu woipa Boston, kungoti foni ikanena iye wamva. Chaka china anyamata ake ankagubuduza tayala la thirakitala. Tayala lisanathe n'komwe anaona pafoni kuti mphamvu zili m'zingwe, aliyense n'kuyamba kugwedeza zingwe za matenti ngati akuingitsa mbalame m'mapira. Kunabwera mwezi wodumphira pa mabokosi, mwezi wokulunga mimba ndi pulasitiki kuti thukuta lituluke, mwezi wosadya kanthu mpaka dzuwa litafika paliwombo, ndi ufa wina wa m'chitini wonunkhira ngati bisiketi umene ankasungunula m'madzi. Chilichonse chinkafika ndi dzina lake lachingerezi komanso lonjezo la masiku makumi atatu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma pusi wa ku Mfuwe akagwa amadzuka n'kutsegulanso foni.

Alamu awiriwa akakumana pamaliro kapena paukwati, anthu ankasendera pafupi kuti amvere. Boston ankati a Hosea akuchita masewera a m'nthawi ya atsamunda, ndipo thupi likazolowera chinthu chimodzi limagona, liyenera kumadabwitsidwa. A Hosea ankayankha kuti thupi lawo linadabwa kamodzi pamaso pa njovu, ndipo zinakwana.

Mu Novembala chaka chathachi, kampu itangotsekedwa chifukwa cha mvula, a Hosea anagwidwa ndi m'mimba mwadzidzidzi ali kumunda. Anawatengera kukiliniki pa njinga, kuchoka uko pa ambulansi, ndipo kuchipatala anawachita opaleshoni. Anabwerako ndi chipsera chachitali ngati chikhatho komanso lamulo la dokotala loti kwa miyezi iwiri asanyamule ngakhale ndowa. Munthu wowonda kale anatsala mafupa okhaokha.

Kumapeto kwa Januwale kunabwera Christine pa njinga yamoto yodzaza matope. Christine ndiye gaidi wamkulu wa pakampupo, ndipo a Hosea anamuona akuyamba ntchito ali kamtsikana koopa mbozi. Anapereka moni, anamwa madzi, anafunsa za chimanga, ndipo pomaliza ananena chimene anadzera. Kunabwera manijala watsopano ndipo anamva za opaleshoniyo. Sankafuna kuchotsa munthu popanda chifukwa, komanso sankafuna wantchito wokomoka m'tchire alendo akuona. Choncho kumapeto kwa Meyi kudzakhala mayeso: makilomita khumi ndi awiri, chikwama cha makilo khumi ndi asanu, maola awiri ndi theka. Anyamata ofuna ntchitoyo adzayenda nawo. A Hosea akadzafika nthawi isanakwane, ntchito ndi yawo, ngakhale afike omaliza. Akadzachedwa, chikwama chidzapita kwa amene wafika woyamba.

Christine atapita, a Hosea anabereka chikwama chopanda kanthu kuti adziyese. Anafika pa mlambe wa kuseri kwa tchalitchi, mtunda woti mwana amatumidwa mchere n'kubwerako ndiwo zisanapse, ndipo anakhala pansi mtima ukugunda m'makutu. Anachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku la njovu. Sankaopa njala, chimanga chinali m'munda. Ankaopa kudzadzuka mu Juni n'kumamva magalimoto a alendo akudutsa, iwo atakhala pakhonde ngati munthu womwalira amene sanauzidwe.

Everlyn anawerenga zonsezi pankhope ya mwamuna wake. Mantha a Everlyn sakhala pansi, amayenda, ndipo mawa lake anali ku Mfuwe kwa mlongo wake. Lamlungu masana Boston anatulukira atanyamula lamba wakuda wa pamimba ndi chitini cha ufa uja.

"Alamu, manje nthawi yatha," anatero Boston. "Miyezi folo chabe. Zanu zija za mchenga n'za munthu amene ali ndi zaka zoseweretsa. Bwerani ku jimu, masiku sate mudzadziiwala."

Pofuna mtendere m'nyumba, komanso poti mantha amagonjetsa nzeru, a Hosea anapita. Tsiku loyamba anawamanga lamba uja n'kuwagwedezetsa zingwe. Lachiwiri anawamwetsa ufa. Lachitatu anawauza kuti adumphire pa bokosi, ndipo potera anamva pachipsera paja ngati palasa minga. Nesi wa kukiliniki atapayang'ana anawafunsa ngati anakonda kwambiri chakudya cha kuchipatala moti akufuna kubwererako. Lamba anabwezedwa kwa mwini wake ndi mawu othokoza, ufa anadya ndi nkhuku.

Atapuma sabata, a Hosea anatulutsa kapu yosupuka ija, imene anaisunga zaka zonsezi pamwamba pa kabati. Kuseri kwa nyumba kunali mulu wa mchenga wotsala pomanga khitchini. Anatunga kapu imodzi, kusalaza pamwamba ndi chala, n'kuthira m'chikwama. Ndi kapu imodziyo anayenda kukafika pa mlambe n'kubwerako. Ananyonyomala kasanu atagwira mtengo wa khonde. Mapushapu anachitira pakhoma, chiimirire. Nthambi ya bwemba anangoigwira, osalendewera, ngati kuipatsa moni. Anadziikira kuti masiku awiri alionse aziwonjeza kapu imodzi, osati ziwiri, ngakhale tsiku limene thupi likunama kuti lachira.

Everlyn anaonerera ali pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

"Bambo a Delia, anzanu akunyamula matayala, inu mukuti mudzawapambana ndi kapu?"

A Hosea anayankha kuti sanauzidwe zopambana munthu. Anauzidwa zofika.

Febuluwale anatha ndi matope ake akuda aja omata, oti phazi lililonse limanyamula munda wake. Mu Malichi anasiya kugwira mtengo wa khonde, ndipo mapushapu anatsika kuchoka pakhoma kupita pa benchi, kuchoka pa benchi kupita pansi. Panali masiku oipa. Kunagwa mvula ya masiku anayi, njovu zinalowa m'chimanga, chimfine chinawagoneka sabata yathunthu ndipo podzuka anachotsamo makapu atatu m'malo mowonjeza, Everlyn n'kuusa moyo. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu Epulo madzi ataphwa mu Msandile anatsikira mumchenga, ndipo mmawa wina Everlyn posesa anamva nthambi ya bwemba ikulira monga inkalirira kale. Tsikulo m'phala munali nsinjiro zambiri.

Loweruka lina lililonse a Hosea ankapalasa njinga kupita ku Mfuwe kukayeza chikwamacho pa sikelo ya golosale ya Boston. Boston ankawerenga makilowo mokweza kuti a m'chisakasa amve, ndipo a m'chisakasa ankaseka. Pakati pawo panali Clinton, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, nyenyezi ya jimuyo, wa mikono yoti malaya ankachita kudula manja. Clinton anali atalembetsa mayeso aja. Moni wake unali waulemu, mwaswera bwanji atate, dzanja lina litagwira chigongono, koma chikwamacho ankachiyang'ana mmene mphwa amayang'anira njinga ya amalume odwala. Pakati pa Meyi sikelo inaloza pa khumi ndi zisanu, ndipo Boston anaigogoda kawiri poganiza kuti yafa.

Tsiku la mayeso anayamba sikisi koloko, kukuzizira. Njira inkachoka pakampu, kudutsa m'nkhalango ya tsanya, kutsikira mumtsinje wouma n'kutsata mchenga makilomita atatu, kuzungulira dambo, n'kubwerera pakampu. Sikauti mmodzi anaikidwa potsikira mumtsinje, wina, Onesmus, padambo. Manijala anatsala pakampu ndi wotchi. Anyamata anali anayi: Clinton, Steward mlimi wa thonje wa ku Malama wosalankhulalankhula, ndi ena awiri. Manijala atangotsitsa dzanja, anyamata anauyatsa ulendo, Clinton patsogolo, fumbi kobo. A Hosea anakonza malamba a chikwama n'kuyamba kuyenda mayendedwe awo a masiku onse.

Thupi linawamvera. Chipsera chinali chete, mpweya unkalowa ndi kutuluka popanda mkangano, ndipo potsikira mumchenga miyendo inazindikira kwawo. Atayang'ana dzuwa anadziwa kuti ali ndi mphindi ngati makumi awiri zapadera. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala anamva kukoma mumtima, mpaka anayamba kung'ung'udza nyimbo.

Pakati penipeni pa mchengawo, pamene mtsinje umakhota pafupi ndi bango, anapeza Clinton atagona chammbali, atagwira akatumba, milomo ili mbuu. Anali atasanza. Pansi pa malaya panali pulasitiki yokulunga mimba, ndipo m'mimbamo munalibe kanthu chiyambire dzulo lake masana, poti lamulo la mwezi umenewo linkati munthu wanjala amapepuka. Mapazi a anyamata atatu aja anaonekeratu pamchenga, atamulambalala uku ndi uku. Koma a Hosea anaonanso china chimene anyamatawo sakanaona. Pafupi pomwepo panali ndowe za njati zikadali zonyowa, ndipo m'bango munkalira timbalame tija timatera pamsana pa njati.

"Pitani, atate," anatero Clinton mano ali gwa. "Nthawi ikutherani."

A Hosea anaganiza za khonde lija ndi magalimoto odutsa. Anaganizadi, asaname munthu. Koma miyendo inali itaima kale.

"Vula pulasitikiyo," anatero.

M'thumba la malaya a Hosea simusowa kapepala ka shuga ndi ka mchere. Anathira zonse m'botolo lawo la madzi, n'kumumwetsa pang'onopang'ono, diso lili ku bango. Anamuwongola miyendo n'kuisisita mpaka minofu inamasuka. Chikwama cha Clinton anachitsegula n'kukhuthula mchenga wonse pansi, n'kumuuza kuti asadandaule, mchengawo wabwerera kwawo. Kenako anamudzutsa, kumuika patsogolo, n'kumulondolera kutsidya lakutali ndi bango. Anayenda mayendedwe a Clinton, oima pamthunzi ulionse.

Padambo anapeza Onesmus, amene atamva nkhaniyo anakoleka mfuti paphewa n'kuwauza a Hosea kuti athamange, mnyamatayo amutenga yekha. Apa ndiye tinene zoona, a Hosea analakwitsa. Akanatambasula miyendo pamenepo akanafika nthawi ilipo, ndipo palibe akanawanena. Koma anayang'ana mzerewo, mfuti kutsogolo, wodwala pakati, kumbuyo kopanda munthu, ndipo mutu wawo unakana. Mzere wotero sanauonepo chibadwire. Anamuuza Onesmus kuti maso a sikauti ali kutsogolo, n'kulowa pamalo pawo. Onesmus anawatcha nkhutukumve, iwo n'kuvomera.

Anafika pakampu atachedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi. Steward, amene anafika woyamba, anali atakhala pa chitsa, nsapato atavula, mapazi ali m'beseni. Manijala anamvetsera zonse, anatumiza Clinton kukagona pamthunzi, ndipo anawathokoza a Hosea ndi mtima wonse. Kenako anayang'ana wotchi ija n'kunena, mosakondwa, kuti lamulo analinena pamaso pa onse, ndipo akalipinda lero sadzamvedwanso mawa. Ntchito inali ya Steward.

Mawuwo anawapweteka a Hosea kuposa mpeni wa dokotala. Anaima chikwama chikadali kumsana. Koma anamvanso chinthu china, ndipo chinali m'miyendo. Miyendoyo sinkanjenjemera. Ikanauzidwa kuti ibwerere pomwe yachokera ikanapita.

"Bwana, ndifunseko," anatero. "Alendo athu amayenda tsiku limodzi chabe n'kupita?"

Manijala anayankha kuti ayi, kampu imayenda masiku asanu ndi limodzi pasabata, kuyambira Juni mpaka Okutobala.

"Ndiye tibwereze mawa, ine ndi uyu wapambanayu. Nthawi yomweyo, katundu yemweyo. Ndikachedwanso, ketulo ndimupatsa ndi manja anga, ndimuonetsenso pamene imadontha."

Christine anati pempholo ndi la ntchito yeniyeni, si lopempha chifundo. Manijala anatembenukira kwa Steward, poti chopambanacho chinali chake. Steward anayang'ana mapazi ake m'beseni muja nthawi yaitali. Akanatha kukana, koma ndi mwana woleredwa, ndipo nayenso anali atamulambalala Clinton mumchenga muja. Anagwedeza mutu kuvomera.

Masana Boston anafika pa njinga yamoto kudzatenga Clinton. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni mlongo wake, anakumana ndi a Hosea osawaseka. Anangonyamula chikwama chawo chimene chinali padzuwa, n'kukachiika pamthunzi, n'kuchiyang'ana pang'ono ngati akufuna kuchifunsa kanthu. Foni inalira m'thumba, iye osaitulutsa.

Kutacha a Hosea anadzuka monga mwa masiku onse. Ananyonyomala kakhumi kuti mawondo adzuke, anadya phala, anamwa madzi. Steward anatuluka m'tenti akuyenda ngati munthu wowoloka mchenga wotentha wopanda nsapato. Ntchafu zinali zitauma, zidendene zili matuza okhaokha, ndipo pobereka chikwama anatseka maso. Sanadandaule. Mphamvu anali nazo mnyamatayo, mphamvu za khasu, kungoti dzulo anazitaya zonse pamodzi ngati malipiro a thonje.

Manijala anatsitsa dzanja. Steward anatsogola, ndipo a Hosea, osaganiza n'komwe, analowa kumbuyo kwake. Kilomita yoyamba inatha ngati ulendo wa kumanda. A Hosea ankaona dzuwa likukwera, ankadziwa bwino lomwe chimene chikutayika, koma kudutsa munthu wotsimphina m'tchire kunali ngati kuwauza kuti adye ndi dzanja lamanzere pamaso pa apongozi.

Christine ankawadziwa akuluwa. Tsikulo anavala nsapato zake za m'tchire, n'kutenga Onesmus ndi mfuti yake, ndipo ankawatsata chapatali. Atafika m'nkhalango ya tsanya anawapeza, Onesmus n'kupita kutsogolo kwa Steward, iye n'kugwira chikwama cha a Hosea.

"A Chulu, lero wakumbuyo ndine. Pitani."

A Hosea anamuyang'ana mokayika. "Mumatembenuka inu? Paja magaidi mumangoona kutsogolo."

"Anandiphunzitsa kutembenuka ndinu. Pitani."

Anaima kamphindi, kenako anapatuka n'kudutsa Steward, munthu woyamba kumudutsa m'tchire pa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Podutsa anati pepa.

Zotsalazo zilibe nkhani, ndipo n'chimene a Hosea amazikondera. Phazi ili, phazi ilo, mchenga umene ankaudziwa, katundu amene anakula nawo kapu ndi kapu. Sanathamange ngakhale pamodzi. Pa bango paja anadutsira kutsidya lakutali, padambo anamwa madzi akuyenda. Chovuta chinali khosi lokha, limene linkangotembenuka kufuna anthu amene kunalibe, ndipo kutsogolo anakuona kuti n'kosungulumwitsa.

Manijala anawaona akutuluka m'mitengo, anayang'ana wotchi, n'kuyang'ananso. Maola awiri ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Anaimirira n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

"Chikwama ndi chanu, a Chulu."

A Hosea anathokoza. Chimwemwe chinawadzaza mpaka m'maso, ndipo sanachibise. Ananyonyomala osagwira pansi, anavula chikwama, anadzuka. Manijala anawakokera mpando, koma iwo anali atapita kale pa mgolo wa madzi kukadzaza botolo. Anafufuza m'thumba la malaya ngati shuga ndi mchere zilimo, n'kulunjika njira yomwe anatulukira.

"Nanga mukupitanso kuti?" anafunsa manijala.

"Kumbuyo kuli anthu, bwana."

Patatha ola limodzi mzere unatuluka m'mitengo ya tsanya. Kutsogolo kunali Onesmus ndi mfuti, kenako Steward akutsimphina ndi ndodo, kenako Christine, amene anabweza malo a eni ake popanda kukangana. Kumapeto kwenikweni kunali a Hosea, chikwama cha Steward chili kumsana, ndipo asanalowe pakampu anatembenuka kamodzi kuona ngati kwatsala munthu.